KUCHEPA KWA MAKEYALA A INTANETI: NKHOTAKOTA IKONZEKERE BWANJI?

Owerenga athu achikulire adzakumbukira masiku aja pamene mudzi wonse unali kulandirira makalata pa keyala imodzi, ya sukulu ya mishoni kapena ya mfumu. Mwana akalemba kuchokera ku Joni kapena ku Halale, kalata inali kufikira kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo iyeyo ndiye anali kudziwa khomo loiperekako. Lero makina a intaneti a m'maofesi, m'zipatala ndi m'masukulu a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Benga kufikira ku Dwambazi, akuyenda mwa njira yomweyo. Nkoyenera tsono kuti anthu a m'boma la Nkhotakota adziwe chifukwa chake ndi zimene zingatsatirepo.

GWERO LA VUTO

Makina alionse olankhula ndi anzake pa intaneti ayenera kudziwika ndi keyala ya manambala. Dongosolo la makeyala lotchedwa IPv4 linalembedwa m'chaka cha 1981, ndipo lili ndi makeyala pafupifupi mabiliyoni 4.3. Pa nthawiyo chiwerengerochi chinaoneka ngati chosatha, pakuti makompyuta anali owerengeka. Koma anthu pa dziko lapansi anapitirira mabiliyoni 8 m'chaka cha 2022, ndipo ambiri a iwo ali ndi lamya m'thumba.

Pa 3 February 2011 bungwe la IANA, losunga nkhokwe yaikulu, linagawa makeyala ake otsiriza kwa mabungwe asanu oyang'anira zigawo za dziko. Nkhokwe ya ku North America inauma mu 2015, ndipo ya ku Ulaya mu 2019. Bungwe lathu la mu Africa, AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius, linayamba kugawa mosamala mu 2017, ndipo mu January 2020 linafika poti wopempha asalandire makeyala oposa 1,024 pa nthawi imodzi. Motero maiko amene analowa msanga anatuta zambiri, ndipo ife ochedwa tikukunkha.

NJIRA YOBWEREKANA KEYALA

Akatswiri sanakhale manja lende. Mu 1994 anapatula manambala ena, monga oyamba ndi 10 kapena 192.168, kuti aliyense awagwiritse ntchito m'kati mwa nyumba kapena ofesi yake popanda kupempha chilolezo. Manambala amenewa sayenda kunja. Uthenga ukamatuluka, kabokosi ka pakhomo kotchedwa rauta kamafafaniza keyala ya m'kati, nkulembapo keyala imodzi yodziwika kunja, nkusunga m'kaundula wake dzina la wotumiza, kuti yankho likabwera kalipereke kwa mwini wake. Njirayi dzina lake ndi NAT, ndipo rauta ndiye mphunzitsi wamkulu uja. Makampani ambiri a lamya amachita zomwezo pa mlingo waukulu, kotero kuti anthu mazana angathe kuonekera kunja ngati munthu mmodzi.

Njira imeneyi yatithandiza ndithu, koma ili ndi zovuta zitatu.

Choyamba, wakunja sangayambe kulankhula ndi wam'kati. Kalata yofika popanda kaundula wosonyeza amene anaiitana imatayidwa. Tiyerekeze kuti mwini malo ogona alendo pafupi ndi Chia ali ku Lilongwe, ndipo akufuna kuona mabuku a ndalama ali mu kompyuta ya ku ofesi yake. Sangaifikire mwachindunji, ayenera kudzera pa makina ena apakati, amene kawirikawiri ali kunja kwa dziko, ndipo nthawi zina amalipiridwa ndi ndalama zakunja.

Chachiwiri ndicho chachikulu kwa ife. Ma rauta ambiri amachoka ku sitolo ali ndi manambala ofanana, ndipo woika amangolumikiza osasintha kanthu. Tiyerekeze chipatala chaching'ono cha kumudzi ndi ofesi ya pa boma, zonse ziwiri zili ndi makina a nambala 192.168.1.10. Malinga chilichonse chili pachokha palibe mlandu. Koma tsiku lozilumikiza ndi njira yobisika yotchedwa VPN, kuti kaundula wa mankhwala azionekera mbali zonse, uthenga sudziwa kolowera, monga kalata yolembedwa kuti "a Phiri" m'mudzi wa a Phiri okhaokha. Pamenepo mmisiri ayenera kusintha manambala a mbali imodzi makina ndi makina, kapena kuika womasulira wachiwiri pakati, zimene zimachulukitsa malo ofera ntchito. Amene amavutika ndi mayi wodikira pa mzere.

Chachitatu, anthu ambiri akabisala pa keyala imodzi, kulondola wolakwa kumavuta. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa umbanda wa pa intaneti, koma wofufuza sangapeze wakuba ndi keyala yokha ngati kampani sinasunge kaundula wa nthawi. Ndiponso mmodzi akalakwa, keyala yonse ingatsekedwe, osalakwa navutikira pamodzi.

ZOYENERA KUCHITA

Boma laika kale maziko. Nthambo za faiba zoyendetsedwa ndi ESCOM zinayalidwa ndi cholinga cholumikiza maboma onse, ndipo ntchito ya Digital Malawi inayamba mu 2017 ndi thandizo la World Bank. Ku Blantyre kuli malo osinthanirana mauthenga a intaneti, otsegulidwa mu 2008, kuti uthenga wa m'dziko momwe muno usamazungulire ku Ulaya. Koma walira mvula walira matope: pamene maofesi ambiri alumikizidwa, pamenepo manambala ofanana adzagundana.

Ife tikuona zinthu zitatu zofunika. Khonsolo ya boma isunge buku limodzi la manambala a m'kati, kuti ofesi iliyonse, ya ku Linga kapena ya ku Dwangwa, ipatsidwe chigawo chakechake isanalumikizidwe. Ogula makina ndi ndalama za anthu aonetsetse kuti makinawo amamva IPv6, dongosolo latsopano limene makeyala ake ndi ochuluka kotero kuti chiwerengero chake chili ndi manambala 39, ndipo makampani akuluakulu a pa dziko analitsegula kotheratu pa 6 June 2012. Ndipo popeza IPv6 silankhulana mwachindunji ndi IPv4, ziwirizi zidzayenda limodzi zaka zambiri, motero achinyamata athu aphunzitsidwe zonse ziwiri, kuti mmisiri asamachite kuitanidwa kuchokera ku Lilongwe pa vuto lililonse.

Bungwe la MACRA nalo lili ndi mpata wofunsa makampani ogulitsa intaneti kuti anene poyera tsiku limene adzapereka IPv6 kwa anthu a kumidzi. Kulemba buku la manambala lero ndi ntchito ya kalaliki mmodzi. Kukonza chisokonezo maofesi atalumikizidwa kale kudzadya ndalama zimene zikadagula mankhwala.