Kavalo adye udzu, chimanga atisiyire ife

Nkhani ya kusintha kwa nyengo ikafika pa ziweto, anthu ambiri amaziponya zonse m'thumba limodzi. Ng'ombe, mbuzi, kavalo, bulu, zonse akuti zikuwononga mlengalenga ndi mpweya wa methane wochokera m'mimba ndi m'ndowe. Ena apeza kale mankhwala ake: akuti chiweto muchichepetsere udzu, muchipatse chimanga ndi zakudya za m'masaka, chifukwa udzu ndiwo umabala mpweya wambiri. Kwa kavalo ndi bulu, ine malangizo amenewa ndikuwakana. Amadwalitsa nyama, amalanda unga pakamwa pa anthu, ndipo mpweya umene amachepetsa ndi waung'ono kwambiri.

Mwina mukuti, ife a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, za kavalo zitikhudza pati? Akavalo alipo mu Zambia muno. Timawaona apolisi atawakwera pa zochitika zazikulu, timawaona ku Showgrounds, ndipo ena ali m'mafamu ozungulira Lusaka ndi Mazabuka. Abale awo, abulu, ndiwo ambiri amawadziwa, makamaka kuchigawo cha Kummwera ndi cha Kumadzulo, kumene amakoka chikochikale, kutunga madzi ndi kunyamula odwala kupita kuchipatala. Nyama zonsezi zimadya tsiku lililonse, ndiponso zimasiya ndowe tsiku lililonse. Wachinyamata amene amvetsa zinthu ziwirizi ali ndi poyambira bizinesi.

Tiyambe ndi m'mimba. Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo zinayi. Udzu ukangomezedwa umagwera m'chigawo chachikulu, mmene muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timauwoletsa. Powoletsapo pamatuluka methane, ndipo ng'ombe imautulutsa kwambiri pogeya pamene ikubzikula. Kavalo ndi bulu sabzikula. Chifu chawo ndi chimodzi, chaching'ono. Cha kavalo wamkulu chimalowa malita pakati pa 8 ndi 15 chabe. Chakudya chimayamba chagayidwa m'chifu ndi m'matumbo aang'ono, ndipo udzu umakawola kumapeto, m'matumbo aakulu. Kumeneko tizilombo topanga methane ndi tochepa, komanso chakudya chimadutsa msanga. Pa mphamvu yonse imene ili m'chakudya, ng'ombe imataya magawo 6 kapena 7 pa 100 ngati methane, pamene kavalo amataya magawo awiri kapena atatu.

Bungwe la IPCC, limene limasonkhanitsa akatswiri a zanyengo pansi pa United Nations, linatulutsa mu 2006 manambala amene mayiko amagwiritsa ntchito powerengera mpweya wa ziweto. Kavalo mmodzi anamuyika pa makilogalamu 18 a methane pachaka, bulu pa makilogalamu 10. Ng'ombe wamba ya mu Africa ili pa 31, yamkaka ya mu Africa pa 46, ndipo yamkaka ya ku North America ili pa 128. Ndiye kuti pafunika abulu oposa 12 kuti afanane ndi ng'ombe imodzi yamkaka ya ku America. Methane si mpweya wochezera nawo ayi. Pa zaka 100, kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi 28 kuposa kilogalamu ya carbon dioxide, ngakhale umakhala mumlengalenga zaka pafupifupi 12 chabe. N'chifukwa chake ku msonkhano wa ku Glasgow mu 2021 mayiko oposa 100 analonjeza kuuchepetsa ndi magawo 30 pa 100 pofika 2030. Koma amene akufuna kukwaniritsa lonjezo limeneli ayang'ane ku migodi ya gasi ndi mafuta, ku zimulu za zinyalala za m'mizinda ndi ku makola aakulu a ng'ombe. Bulu wa agogo ku Kalomo ali kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Tsono taonani zimene zimachitika mukamvera malangizo aja a chimanga. Kavalo analengedwa kuti azidya pang'onopang'ono, maola mpaka 16 patsiku akakhala kubusa. Mukamuthirira chimanga chambiri nthawi imodzi, matumbo aang'ono amalephera kuchigaya chonse. Chotsalacho chimakafika m'matumbo aakulu, chimasasa, n'kupha tizilombo tabwino togaya udzu. Zotsatira zake ndi kupotokola kwa m'mimba kumene kungaphe nyama usiku umodzi, kapena kutupa kwa mkati mwa ziboda kumene kumaipundula. Kavalo satha kusanza, choncho chimene chalowa chalowa.

Gaga nayenso ali ndi msampha wake. Ambiri timamuona ngati chakudya cha chiweto chilichonse chifukwa amapezeka pachigayo pamtengo wotsika. Koma gaga ali ndi phosphorus wambiri ndi calcium wochepa. Kavalo akamadya gaga yekhayekha kwa miyezi, thupi limayamba kukumba calcium m'mafupa, mafupa amafooka, nkhope imatupa. Chimanga chowola, chija timati tipatse ziweto poti anthu sangadye, ndiye choopsa kwambiri: nkhungu yake ili ndi poizoni wotchedwa fumonisin amene amawononga ubongo wa kavalo ndi bulu. Ngakhale zakudya za m'masaka zopangira nkhuku kapena ng'ombe si zogawana nawo. Zina amaikamo mankhwala otchedwa monensin, amene kwa kavalo, ngakhale ochepa, amawononga mtima.

Chakudya choyenera si chachilendo. Kavalo amafunika udzu wouma wolemera magawo 1.5 mpaka 2 pa 100 a kulemera kwa thupi lake tsiku lililonse. Wa makilogalamu 500 ndiye kuti adya makilogalamu 7.5 mpaka 10, kuphatikizapo mchere wonyambita ndi madzi oyera malita 25 kapena kuposa, makamaka mu October. Udzu wa Rhodes, wodulidwa usanakhwime n'kuumitsidwa bwino, ndiwo maziko. Mapuloteni ndi calcium amachokera ku mbewu za mtundu wa nyemba: lucerne, amene mapuloteni ake amafika magawo 15 mpaka 20 pa 100, kapena masamba ouma a nshawa ndi a nyemba amene ambiri timawasiya kumunda kuti apse ndi lupsa. Zakudya zamphamvu monga gaga zibwere pang'ono, kwa nyama imene ikugwira ntchito yolemetsa, yoyamwitsa kapena yoonda, ndipo zigawidwe kangapo patsiku. Bulu ndiye safuna zambiri. Makolo ake anachokera kumadera ouma a kumpoto chakummawa kwa Africa, ndipo amagaya bwino mapesi ndi udzu wokhwima kuposa kavalo. Mukamupatsa zonona amanenepa mpaka kudwala.

Pano mpamene nkhaniyi ikukhudza mbale yathu. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka. Tonse tikukumbukira mtengo wa saka ya unga chaka chimenecho, ndi maola amene tinakhala mumdima madzi atachepa ku Kariba. M'dziko lotere, kuuza munthu kuti athire chimanga m'khola pofuna kuchepetsa makilogalamu awiri kapena atatu a mpweya ndi kusadziwa kumene nsima imachokera. Ubwino wa kavalo ndi bulu ndi womwewo wakuti amasandutsa udzu, umene ife sitingadye, kukhala mphamvu yokoka katundu popanda dizilo.

Ngati tikufunadi kuchepetsa methane wa nyamazi, pogwira pali kuseri kwa khola. Kavalo wamkulu amatulutsa ndowe ndi mkodzo zoposa makilogalamu 20 patsiku, ndiye kuti matani 8 kapena 9 pachaka. Tizilombo topanga methane timagwira ntchito pokhapokha pamene palibe mpweya wabwino. Ndowe zogwera kubusa, zouma ndi dzuwa, zimatulutsa wochepa kwambiri. Koma ndowe zounjikidwa m'dzenje, zonyowa ndi mvula ya January, zopondedwa mpaka kuthinana, zimasanduka fakitale ya methane. Madzi akuda otuluka pamenepo amanyamulanso chonde chonse kupita nacho mu ngalande ndi m'zitsime za anthu.

Kukonza kwake sikufuna makina. Sakanizani ndowe ndi udzu wouma kapena mapesi odula, muunjike pamalo okwera, muphimbe kuti mvula isalowe. Mulu ukhale wonyowa pang'ono chabe, woti mukafinya m'manja madzi asachuche. Muzitembenuza pakapita sabata imodzi kapena ziwiri kuti mpweya ulowe. Mkati mumatentha kufika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutenthako kumapha mazira a njoka za m'mimba ndi njere za udzu, zimene zimachuluka m'ndowe za kavalo chifukwa sagaya mokwanira ngati ng'ombe. Pakatha miyezi itatu kapena inayi muli ndi manyowa akuda, osanunkha, amene olima repu, tomato ndi chibwabwa angagule m'malo modalira fetereza yekha. Kumene kuli ndowe zambiri pamalo amodzi, njira ina ndi kuupanga dala methane uja m'thanki yotsekeka, n'kuuphikira. Mpweya womwewo umene ukanathawira kumwamba umayaka pachitofu, ndipo saka ya malasha imapulumuka. Ndowe za kavalo zili ndi zinyatsi zambiri zoyandama, choncho zimachita bwino zikasakanizidwa ndi za ng'ombe kapena za nkhumba.

Wina anganene kuti akavalo ndi a anthu olemera, asamale okha ndowe zawo. Zoona, eni ake ndiwo ayenera kuyamba, ndipo khola lililonse la m'tauni liyenera kukhala ndi malo oyenera osungira ndowe. Koma olemerawo sadula okha udzu. Amagula mitolo chaka chonse, ndipo mtengo umakwera chilimwe chikafika pakati. Amafunanso wina woti awachotsere ndowe. Anyamata ndi atsikana amene ali ndi kamunda kwa achibale ku Chongwe kapena ku Chisamba akhoza kubzala Rhodes, kusonkhanitsa masamba a nshawa nthawi yokolola, kugulitsa kumakola, n'kubwerako ndi ndowe zopangira manyowa. Ulendo umodzi, malonda awiri. Wogula amabwereranso kwa munthu amene akudziwa kusiyanitsa udzu wobiriwira, wonunkhira bwino, ndi udzu wafumbi wochita nkhungu.

Mu February 2024 atsogoleri a African Union, atakumana ku Addis Ababa, analetsa kupha abulu pofuna zikopa zawo, zimene zimagulitsidwa ku China kukapanga mankhwala. Anazindikira kuti mudzi ukataya bulu, mtolo umabwerera pamutu pa mayi ndi mwana wamkazi. Kuteteza bulu ku mpeni n'kumusiya akudya mapulasitiki pamulu wa zinyalala, kapena kumudyetsa chimanga chowola, ndi kugwira ntchito yatheka. Mawailesi a m'madera ndi alangizi a zaulimi amakamba kwambiri za nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe. Apatulekonso nthawi ya chakudya cha bulu ndi kavalo.

Choncho mukamva wina akuwerenga milandu ya ziweto pa nkhani ya nyengo, mufunseni kuti akunena chiweto chiti, chimadya chiyani, ndipo ndowe zake zimapita kuti. Kavalo ndi bulu apatseni udzu wabwino, madzi ndi mchere, ndowe muzitembenuze zisanawole m'madzi, chimanga chipite kuchigayo.