Mpweya wa Dotolo ndi Mpweya Wotiphera Ng'ombe

Alimi anzanga, masiku ano madotolo a ziweto amatha kuchita opaleshoni osang'amba mimba. Amangoboola timabowo tiwiri kapena titatu n'kulowetsa kamera ndi tizitsulo. Kuti aone bwino m'katimo, amayamba apoperamo mpweya wa carbon dioxide kuti mimba itukuke, pakhale mpata pamwamba pa matumbo. Amasankha mpweya umenewu chifukwa suyaka moto, ndipo umalowa msanga m'magazi n'kutuluka chiweto chikamapuma. Ku Australia anayamba kuika umuna m'chiberekero cha nkhosa mwanjira imeneyi mu 1982.

Nzeru imeneyi sitikuinyoza ayi. Koma tamvani izi: dotoloyo sachotsa diso pa makina oyezera. Kwa galu, salola kuti mphamvu ya mpweyawo ipitirire 15 mmHg, chifukwa ukachuluka umapanikiza mapapo ndi mtsempha waukulu wobwezera magazi kumtima.

Nanga si imfa yomweyi imene ikutilanda ng'ombe ndi mbuzi? Mvula ikagwa, chiweto chikakhuta msipu wanthete kapena masamba a nyemba onyowa, chifu chimadzaza mpweya. Mimba imafufuma kumanzere ngati ng'oma, chiweto chimabanika, ndipo chingathe kufa dzuwa lisanalowe. Dotolo amauyeza mpweya wake. Wathuwu palibe ndi woutulutsa yemwe. Mwini khola amathamangira mpeni wa kukhitchini, ndipo ng'ombe imene yapulumuka lero imafa ndi bala mawa.

Chonsecho chithandizo chake si chodula. Ngati m'chifu muli thovu, mafuta ophikira omwetsa mosamala amaliphwetsa. Zikafika poipa, munthu wophunzitsidwa amaboola pakadzenje ka kumanzere, kuseri kwa nthiti yomaliza, ndi kachitsulo kotchedwa trocar, mpweya n'kutuluka. Kachitsuloka sikafuna magetsi kapena kamera.

Ena amati chitukuko cha ziweto chagona pa makina amakono ndi mbewu zakunja. Ife tikuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbewu yabwino ipindulanji m'khola momwe ng'ombe ikufa ndi msipu?

Choncho tikupempha boma ndi mabungwe kuti mlangizi aliyense wa ziweto akhale ndi trocar, kalabu iliyonse iphunzitsidwe kaboolidwe koyenera, ndipo madotolo ophunzira ku Bunda azifika kumudzi. Nkhaniyi tikaikambe pa msonkhano wa kalabu mvula isanagwe. Ng'ombe imodzi ndi feteleza, fizi ya ana ndi ngolo; isamafe ndi mpweya ife tikuyang'ana.