Kuloweza Maina a Zipangizo Sikudziwa Chiyankhulo

Ophunzira ambiri a fomu 3 ndi fomu 4 mukawafunsa kuti mneni n'chiyani, amayankha mosadodoma kuti ndi mawu osonyeza ntchito kapena mchitidwe. Koma mukawapatsa chiganizo kuti aloze mneniyo, amangoti kakasi. Vutoli lili ku Chichewa, lilinso ku Chingerezi. Maganizo anga ndi akuti kuloweza matanthauzo n'kutaya nthawi ngati simudziwa ntchito imene mawuwo akugwira m'chiganizo.

Taonani mawu oti "bwino". Tikati "mwana wabwino", mawuwa akufotokoza dzina, choncho ndi mfotokozi. Tikati "mwana wayimba bwino", akuonjezera tanthauzo la mneni, ndiye kuti ndi muonjezi. Ku Chingerezi n'chimodzimodzi: mawu oti water ndi dzina mukamanena za madzi akumwa, koma ndi mneni mukamanena zothirira dimba. Mtundu wa mawu umadziwika ndi ntchito yake m'chiganizomo.

Nazo nsinjiro za chiyankhulo simukazipeza kutali. Inu a ku Mtiya phiri la Zomba mumaliona tsiku ndi tsiku. Agogo akati "phiri lavala chipewa lero" poona nkhungu, apatsa phiri khalidwe la munthu; umenewo ndiwo umunthu, umene Angerezi amati personification. Mnzanu akati madzi a mu Mulunguzi akuzizira ngati ochokera m'firiji, wagwiritsa ntchito chifanifani, simile ku Chingerezi. Akati "ndakudikira chaka chathunthu" pamene wangodikira ola limodzi, limenelo ndi voko. Akati kunja kuli mbuu, ndi mvekero umenewo, chuma chomwe Chichewa chili nacho chochuluka kuposa Chingerezi. Nanga bwanji mukuopa papepala zinthu zimene mumayankhula pakhomo?

Ena amati zipangizozi n'zongokometsera ndakatulo basi. Ine ndikukana. Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa pa koleji ya Chancellor konkuno ku Zomba, adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods m'chaka cha 1981. Masiku amenewo kudzudzula boma poyera kudali kuika moyo pachiswe, motero alakatuli ankabisa uthenga m'zizindikiro monga bilimankhwe. Ngakhale adatero, mu 1987 adamutsekera ku ndende ya Mikuyu popanda kumuzenga mlandu, ndipo adatuluka mu 1991. Zokometsera chabe sizikadaopsa olamula chotere.

N'zoona kuti maina a zipangizo muyenera kuwadziwa, pakuti mafunso a MANEB amawatchula, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE simungailandire. Komatu woyesa sakhutira ndi dzina lokha. Amafuna muonetse pamene chipangizocho chili, ndi chimene mlembi wapindula pochigwiritsa ntchito.

Tsono powerenga ndakatulo kapena nkhani yaifupi, dzifunseni mafunso atatu. Kodi akuyankhula ndani? Mawu awa akadanenedwa mwachindunji akadamveka bwanji? Nanga mlembi wawakhotetseranji? Mukayankha amenewa, dzina la chipangizo libwera lokha. Kenaka pekani chitsanzo chanuchanu m'Chichewa, ndipo muyese kupeka china m'Chingerezi. Musathamange, paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.