Tisamaombe m'manja tisanatenge choko



Lero ndikulemba mtima uli pamwamba pang'ono, ndiye mundikhululukire ngati mawu ena atuluke olimba. Nkhani yake ndi bajeti ya boma. Ndikudziwa kuti ena mukangomva mawu oti bajeti tulo timabwera ngati m'kalasi la masamu dzuwa litatentha. Pirirani, chifukwa nkhaniyi ndi ya thumba lanu ndi la ana anu.

Mu Novembala 2025 nduna ya zachuma, a Joseph Mwanamvekha, idapita ku Nyumba ya Malamulo kukaunika bajeti ya chaka cha 2025/26 itafika pakati. Mwa zina idalengeza kuti ndalama yosadulidwa msonkho pa malipiro a pamwezi ikwera kuchoka pa K150,000 kufika pa K170,000. Sabata yotsatira nkhaniyi inali mkamwamkamwa m'chipinda chathu cha aphunzitsi. Madamu wina, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, adaomba m'manja nati, "Akuluakulu, ulendo uno atikumbukira." Ndidamuyankha kuti, "Madamu, dikirani kaye nditenge choko."

Nazi zomwe ndidalemba pabolodi tsiku limenelo. Tiyerekeze munthu amene amalandira K400,000 pamwezi asanadulidwe kalikonse. Mwa dongosolo lakale, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, ndipo K250,000 yotsalayo inkadulidwa 25 peresenti. Msonkho wake unali K62,500. Mwa dongosolo lomwe adalengezalo, K170,000 yoyamba ilibe msonkho, koma gawo la 25 peresenti adalichotsa, ndiye K230,000 yotsalayo ikudulidwa 30 peresenti. Msonkho wake ndi K69,000. Munthu yemwe amamuombera m'manja kuti amuchepetsera msonkho akulipira K6,500 yoonjezera mwezi uliwonse. Mukawerengetsa bwino, malire ake ali pa K270,000: wolandira kuchepera pamenepo adapuma pang'ono, wolandira kuposa pamenepo adasenzetsedwa mtolo wina. Wa K600,000 adachoka pa K117,500 kufika pa K129,000. Tengani pepala lanu la malipiro muone mbali imene muli.

Tsiku lomwelo ndunayo idalengezanso kuti msonkho wa VAT ukwera kuchoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti. VAT ndiye sasankha. Sifunsa ngati uli pantchito kapena ukuyenda ndi envulopu ya makalata kufunafuna ntchito. Imakudikira m'golosale, m'sitolo ya simenti ndi malata, pogula mayunitsi a foni.

Onjezerani izi. Mu 2020 boma lidakweza ndalama yosadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000, ndipo nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K750, kutanthauza kuti K100,000 inali madola oposa 130. Kenako kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola idalumpha kuchoka pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Pamtengo wa kubanki wa kumapeto kwa 2025, K170,000 sinkafika ngakhale madola 100. Nambala idakula, mphamvu yake idachepa. Ndipo m'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Amene amagula chimanga, sopo ndi mafuta ophikira safunika kuuzidwa zimenezi ndi mphunzitsi wa masamu.

Koma cholinga changa lero si kungodandaula za K6,500. Funso lalikulu ndi lakuti: ndalama zomwe amatidulazi zimapita kuti? Apa ndi pomwe ife aphunzitsi timalephera mayeso chaka ndi chaka. Bajeti ikamawerengedwa, makutu athu amadikira zinthu ziwiri zokha: malipiro akwera ndi zingati, ndipo msonkho wa PAYE wasintha bwanji. Zikatha zimenezo timazimitsa wailesi. Mzere wofunika kwambiri m'bajeti yonse timaudumpha, mzere wa chiwongoladzanja cha ngongole za boma.

Mu bajeti ya 2024/25, yomwe adapereka a Simplex Chithyola Banda, ndalama zonse zinali pafupifupi K6 thiliyoni. Maphunziro onse, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite, adapatsidwa pafupifupi K900 biliyoni. Chiwongoladzanja chokha chidapatsidwa pafupifupi K1.5 thiliyoni. Mu bajeti ya 2025/26 ndalama zonse zinali pafupifupi K8 thiliyoni, ndipo chiwongoladzanja chidapitirira K2 thiliyoni. Mwachidule, pa K4 iliyonse yomwe boma lidakonza kugwiritsa ntchito, K1 inali itapita kale kwa obwereketsa ntchito ina iliyonse isanayambe. Ndikubwereza: chimenechi ndi chiwongoladzanja chabe. Ngongole yeniyeniyo imakhala ili pomwepo, ikutidikira.

Aliyense wa ife amene adatengapo katapila akudziwa momwe zimakhalira. Malipiro amafika pa 27, pa 28 watsala ndi ya minibasi yokha. Sunagule kanthu, wangobweza za mwini ndalama, ndipo pa 5 uli pakhomo pake kukapemphanso. Boma lathu lili m'gulu limenelo. Kusiyana kwake n'kwakuti mphunzitsi akamira m'katapila amavutika yekha ndi banja lake, pomwe boma likamira limabwera kudzatapa m'thumba mwa mphunzitsi.

Ambiri amaganiza kuti ndalama zimenezi zimapita kunja, kwa azungu. Ayi ndithu. Gawo lalikulu la chiwongoladzanjachi limalipidwa pa ngongole za m'dziko momwe muno. Boma likasowa ndalama limagulitsa mapepala a ngongole kwa mabanki, makampani a inshuwalansi ndi osunga ndalama za penshoni, n'kulonjeza kubweza ndi phindu lalikulu. Tsono taganizani: banki ili ndi ndalama, ndipo kwabwera makasitomala awiri. Wina ndi boma, lomwe silithawa. Wina ndi mnyamata wathu amene adamaliza Fomu 4, akufuna kugula makina owotcherera zitsulo. Ibwereka ndani? Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezera zawo pamwamba pa chimenecho. Ndiye mphunzitsi amamenyedwa katatu. Amadulidwa PAYE ndalama isanafike m'manja. Amalipira VAT pogula. Akapita kukabwereka ya fizi ya mwana kapena ya malata, amapeza ndalama yadula chifukwa boma lidafika kale pamzere.

Wina anena kuti apa ndikuchita ndale, ndikunyoza chipani chakuti. Ayi. Matendawa alibe mtundu wa nsalu. Mu 2006, nthawi ya a Bingu wa Mutharika ndi nduna yawo a Goodall Gondwe, dziko lino lidakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zakunja. Tidayamba ndi tsamba loyera. Mu 2011 kudabwera bajeti yomwe ankati yosadalira thandizo lakunja, a Ken Kandodo ali nduna, ndipo idabwera ndi misonkho yatsopano pamene mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinali zitasowa. Pa 20 Julayi chaka chimenecho anthu adatuluka m'misewu ndipo pafupifupi 20 adaphedwa. Mu Meyi 2012, a Joyce Banda atangolowa, dola idachoka pa K168 kufika pa K250. Mu 2013 kudaululika kuba kwa Cashgate ku Capital Hill, mabiliyoni adatuluka kulipira makampani omwe sadagwire ntchito iliyonse, ndipo mayiko otithandiza adaimitsa ndalama zomwe ankathira m'bajeti. Kuyambira pamenepo maboma onse, la a Peter Mutharika loyamba lija ngakhalenso la a Lazarus Chakwera, adatseka dzenje la bajeti pobwereka, makamaka m'dziko momwe muno. Pofika 2024 ngongole yonse ya boma inali itapitirira K16 thiliyoni. Tsamba loyera lija tidalidetsa pasanathe zaka 20. Aliyense amene adakhalapo pampando ali ndi chala chake pamenepo.

Tsopano ndiyankhe mnzanga wina wa Jogalafe amene adanditsutsa tsiku lija. Iye adati, "Akulu, boma lilibe munda wa ndalama. Kudali Covid, mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu oposa 1,000 ndi kuononga misewu ndi masukulu kummwera, mu 2024 kudali chilala. Mukufuna ndalama zichoke kuti ngati si m'misonkho?" Mfundo yake ndi yoona ndipo sindiipeputsa. Dziko lopanda msonkho kulibe, ndipo ine amene ndimalandira malipiro kuchokera m'misonkho yomweyo ndingakhale wachinyengo nditati isamatoleredwe. Kukweza msonkho n'kwabwinoko kusiyana ndi kubwerekabe mosalekeza. Ndikuvomerezanso kuti m'kusintha komweko adaika 40 peresenti kwa olandira ndalama zoposa K10 miliyoni pamwezi, ndipo zimenezo n'zoyenera.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe sindingazimeze. Choyamba, musandiuze kuti mwandichepetsera msonkho pamene mwandionjezera. Nenani poyera kuti zinthu zavuta, aliyense apereke zambiri, ndipo tionetseni zomwe inu mwadzichotsera: maulendo, magalimoto, misonkhano ya kunyanja, maalawansi. Munthu wamkulu akauzidwa zoona amapirira. Chachiwiri, msonkho wathu umagwa pa amene ndi wosavuta kumugwira. Mphunzitsi, namwino, wapolisi ndi kalaliki sangazembe PAYE chifukwa amadulidwa asanaione ndalamayo. Nanga amene amalowetsa katundu mozemba pachipata? Nanga amene adapatsidwa kontirakiti ya msewu n'kudya ndalama? Kuthira madzi ambiri m'ndowa yobooka si nzeru. Yambani mwamata.

Ndipo nkhaniyi ikufika m'kalasi momwe. Boma lidalengeza mu 2025 kuti kuyambira Januwale 2026 ophunzira m'masekondale a boma asamalipire fizi ndi ndalama za mayeso. Ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Ndaona ana anzeru akusiya sukulu chifukwa cha ndalama zochepa kwambiri, ndaona mtsikana amene ankakhoza masamu kuposa aliyense m'kalasi akukwatiwa ali Fomu 2. Koma ambiri a ife tinali ana a sukulu mu 1994 pamene a Bakili Muluzi adachotsa fizi kupulayimale. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kudali kuphunzira pansi pa mitengo, buku limodzi ana khumi, aphunzitsi olembedwa mwachangu asanaphunzitsidwe mokwanira. Walira mvula walira matope. Ndalama zomwe makolo ankapereka ndi zomwe zinkagula choko, mapepala a mayeso, kulipira mlonda ndi madzi. Makolo akasiya kupereka, boma liyenera kuzitumiza zonse ndiponso pa nthawi yake. Lizitenga kuti ngati obwereketsa ali patsogolo pa mzere? Wobwereketsa sauzidwa kuti "dikirani, ndalama sizinabwere kuchokera ku likulu." Amene amauzidwa zimenezo ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya masana ya kumudzi.

Ndiye tichite chiyani? Sindikunena kuti tonse tikhale akatswiri a zachuma. Ndikupempha zinthu zing'onozing'ono. Chaka cha boma cha zachuma chidasintha mu 2022, chimayamba pa 1 Epulo, ndiye bajeti imaperekedwa miyezi yoyambirira ya chaka. Ikaperekedwa, funani manambala atatu musananene kalikonse: ndalama zonse, za maphunziro, ndi za chiwongoladzanja. Gawani nokha. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Atsogoleri a mabungwe athu akamakambirana za malipiro, tiwafunse ndalama yotsala m'manja msonkho ndi kukwera kwa mitengo zitachotsedwa, osati peresenti yolengezedwa pawailesi. Unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu bajeti isanakonzedwe ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Amalonda akuluakulu amapitako ndi mapepala awo okonzeka bwino. Ife tituminso athu. Phungu wanu akabwera kudzapereka mpira ndi mayunifolomu, mulandireni mwaulemu, kenako mufunseni kuti adavota bwanji pa mabilu a ngongole ndipo ngongoleyo idagula chiyani. Safunsa adadya phula.

Kwa inu ana anga akale: ena muli m'mabanki, ena muli kotolera misonkho, ena m'maofesi momwe manambalawa amalembedwa. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungokukumbutsani zomwe ndinkakuuzani ndikamabweza makope anu: yankho lopanda njira yake sindichonga. Mukakhala pamalo polemba bajeti, onetsani njira.

Madamu uja tsiku lija adayang'ana bolodi nthawi yaitali. Kenako adatulutsa pepala lake la malipiro m'chikwama, nabwereka cholembera changa, n'kuyamba kuwerengetsa yekha. Sadaombenso m'manja. Adangondifunsa kuti, "Sala, mawa mungadzawaonetse ana a Fomu 4 samu imeneyi?" Ndidawaonetsa, ndipo ambiri adaikhoza.