Nyanja Iribe Mlandu

Alipo akuru ena amene amati mwana wosambira m'nyanja kapena m'damu la pamudzi ayenera cikoti, popeza madzi ndiwo apatsa ana likodzo. Aliponso ena amene, pakuona mnyamata alikukodza mwazi, amaseka nati, "Ameneyu wakula tsopano." Onse awiri alakwa, ndipo kulakwa kwao kulikuononga ana athu.

Tiyeni tiyambe ndi osekawo. Mwazi umenewo suli cizindikiro ca ukuru ai, koma ca zironda. M'caka ca 1851, ku Egypt, sing'anga wa ku Germany, Theodor Bilharz, anapeza tinyongolotsi m'mitsempha ya munthu. Timeneti tikhala zaka zambiri pafupi ndi cikhodzodzo, ndipo mazira ace ndiwo aboola mnofu. Nthendayi ikakhalitsa iononga impso, ifoketsa mwana m'sukulu, ndipo akazi ena iwaletsa kubala. Kodi ukuru wotere ndani aufuna?

Nanga a cikoti aja? Iwo aiwala kufunsa kumene tizirombo ticokera. Madzi pa okha sabala likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira aja aswa, ndipo tiana tace tilowa m'nkhono zokhala m'bango ndi m'udzu wa m'mphepete. Patapita masabata owerengeka tituruka tambirimbiri, ndi kulowa pa khungu la yense wosamba, wocapa kapena woolotsa ng'ombe. Cotero woyamba mlandu ndiye munthu amene asandutsa dooko cimbudzi, ndipo kawirikawiri ali wamkuru ndithu, mwina yemweyo wogwira cikoti.

Kuletsa ana kusambira kulinso ndi tsoka lace. Ciyambire 1959, pamene cipupa ca Kariba cinatha, anthu a ku Siavonga ndi midzi yozungulira akhala pa gombe la nyanja yaikuru, ndipo m'maboma ambiri muli madamu omwetsa ziweta. Mwana wokulira pa madzi adzakwera bwato tsiku lina, wina afune asafune. Bwato likagubuduzika, cikoti ca atate wace sicidzamtengera kumtunda.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, nchito ndi yanu. Pangani upo ndi mfumu kuti cimbudzi cikumbidwe pafupi ndi dooko liri lonse, pamalo pamene mvula singakokolere zonyansa m'madzi. Phunzitsani ang'ono anu kusambira masana, pamodzi ndi munthu wamkuru, kutali ndi bango ndi kumene kwaoneka ng'ona kapena mvuu. Wokodza mwazi mupite naye ku cipatala, pakuti mankhwala a praziquantel apha tinyongolotsi timeneti, ndipo akafika pa sukulu musalole makolo kubisa ana. Koma dziwani kuti wocira angadwalenso ngati anzace sanaleke kuipitsa madzi. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Ng'ona tiiopa cifukwa mano ace aoneka. Tiyenera kuopa koposa mkhalidwe wathu wa ife eni, umene udwalitsa mudzi wonse mwakacetecete.