Ndemanga: Kulumikiza mtsempha wa mawu ukaduka

Zaka zoposa 1,800 zapitazo, dokotala wachigiriki Galen ankasonkhanitsa anthu mumzinda wa Rome, n'kudula kamtsempha kena m'khosi mwa nkhumba yomwe ikulira. Nkhumbayo inkapitiriza kuphiriphitha, koma kulira kuja zii.

Kamtsemphako ndi komwe kamapititsa uthenga wa ubongo ku timinofu ta m'kholingo, totsegula njira ya mpweya tikamapuma n'kuitseka tikamalankhula kapena kumeza. Njira yake ndi yokhota: ka kumanzere kamatsikira m'chifuwa, kuzungulira mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima, n'kukweranso kudzera kuseri kwa chithokomiro. N'chifukwa chake opaleshoni ya chithokomiro, yomwe imachitika ngakhale m'zipatala zathu, nthawi zina imasiya munthu atasasa mawu ndiponso akutsamwa madzi. Mbali zonse ziwiri zikavulala, ngakhale kupuma kumavuta.

Wina angati: bwanji osangosoka pomwe paduka? Ofufuza anayesa zimenezo pa agalu ndi makoswe. Mtsempha unkaphukadi, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo minofu sinkafota, koma kholingo silinkayenda bwino. Chifukwa chake n'chakuti mumtsempha umodziwo muli tinkhosi totsegula ndi totseka. Pophuka timasokera, totsegula n'kukathera ku mnofu wotseka, ngati mawaya a magetsi olumikizidwa molakwika. Minofu imangokokana, chitseko osasuntha.

Nzeru yomwe yathandiza ndi yobwereka mtsempha wina. Dokotala Jean-Paul Marie wa ku Rouen m'dziko la France anatenga nthambi ya mtsempha woyendetsa mnofu wopumira wa pansi pa mapapo, n'kuilozetsa ku timinofu totsegula tokha. Mtsempha umenewu umatumiza uthenga nthawi iliyonse munthu akakoka mpweya, motero kholingo limatseguka pa nthawi yake. Anayamba ndi nyama asanafike pa anthu. Madokotala a ziweto nawonso akubwereka mtsempha wa m'khosi pothandiza akavalo othamanga omwe mbali ya kumanzere ya kholingo inafooka.

Komabe tisapupulume. Opaleshoni yotereyi imachitika m'zipatala zowerengeka, ndipo wodwala amadikira miyezi ingapo kuti aone kusintha. Kuteteza mtsemphawo pa opaleshoni kudakali kofunika kuposa kuukonza utaduka.

Inu owerenga, ngati mawu anu asasa kwa masabata angapo, makamaka pambuyo pa opaleshoni ya pakhosi, musamangoti ndi chimfine. Bwererani kuchipatala akakuoneni m'kholingo.