Yambani ndi kasupuni ka shuga, nsima isiyeni kaye

Mu Physics timati mphamvu sizitayika, zimangosintha mtundu. Thupi nalonso limamvera lamuloli: mphamvu za m'chakudya zimene simunagwiritse ntchito limazisunga ngati mafuta.

Ndiye ena akamva zimenezi amati basi, ndasiya kudya masana. Ine sindigwirizana nazo. Inu mukukula, ndipo mafupa, minofu ndi ubongo zikufuna chakudya. Komanso wodzimana nkhomaliro amaweruka njala itamupweteka, n'kukathera pa mandasi asanu.

Tiyeni tiwerengere. Galamu imodzi ya shuga ili ndi mphamvu zokwana 17 kJ. Kasupuni kamodzi ndi magalamu pafupifupi 4, choncho 68 kJ. Ngati mu tiyi mumathira timasupuni 4 (ena mumathira mpaka tiyi kusanduka uchi, ndikukudziwani), bwererani pa 2. Mukamamwa makapu awiri patsiku mwachotsa 272 kJ, pachaka pafupifupi 99,000 kJ. Kilogalamu ya mafuta a m'thupi imasunga pafupifupi 32,000 kJ. Papepala, amenewo ndi makilogalamu 3. Zenizeni zimacheperapo, poti thupi likapepuka limagwiritsanso ntchito mphamvu zochepa. Koma simunagone ndi njala tsiku n'limodzi lomwe, ndipo lilime limazolowera.

Pakatha mwezi onjezerani china: madzi m'malo mwa Coca-Cola, poti botolo la 300 ml lili ndi shuga wa timasupuni pafupifupi 8, kapena mbatata yophika m'malo mwa tchipisi.

Zoti mukufunikadi kuchepetsa thupi akuuzeni a kuchipatala atakupimani, osati anzanu okusekani pabuleki.